Mbiri ya Kumvetsera Nyimbo Zojambulidwa Kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa

Mwambo wokhala pansi n'kumvetsera nyimbo imene woyimba wake sakuoneka, kenaka n'kuyamba kukambirana za kukoma ndi kuperewera kwake, unafika m'midzi ya kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa m'zaka za m'ma 1900, ndipo mbiri yake njolukana ndi ya maulendo a kuntchito zakunja, ya tauni ya Zomba ndiponso ya malonda a nsomba. Dera limeneli, lomwe likuphatikiza midzi ya mafumu Mwambo ndi Kuntumanji pamodzi ndi doko la Kachulu loyang'anana ndi chilumba cha Chisi, lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Zomba, tauni imene inali likulu la dziko kuyambira 1891 kufikira 1975. Motero zatsopano zofika kulikulu sizinkachedwa kumveka kunyanja, pakuti ogula matemba ndi milamba ankatsika ndi kukwera njira imeneyi chaka chonse, koma zimene zinkatsika nawo sizinali zonse zimene zinkamveka paphiri la Zomba.

Makina asanabwere, Anyanja amene anali eni nthaka, Ayao amene anafika m'zaka za m'ma 1800, ndi Alomwe amene anayamba kuwoloka mwaunyinji kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka zomwezo, ankamva nyimbo pamalo ndi panthawi pake: manganje pa zinamwali, tchopa pabwalo, nyimbo za pamtondo posinja. Panalinso nyimbo zomvetsera chabe, zosafuna kuvina, ndipo chida chake chachikulu chinali bangwe, lomwe ndi thabwa lopyapyala lokulungidwa ndi chingwe chimodzi chachitali chodutsa m'timabowo kangapo kuti chipange mizere ya nsambo, ndipo kumapeto kwake amalowetsako chipanda kapena chitini chokuza mawu. Oyimba ambiri amagwira nsambo zina ndi zala za dzanja limodzi kuti zisalire, pamene dzanja linalo likukwapula nsambo zonse pamodzi, kotero kuti luso lake limagona pa kudziwa zoyenera kutontholetsa. Woyimba bangwe, monganso woyimba kaligo wa nsambo imodzi, ankasintha mawu a nyimbo usiku uliwonse molingana ndi amene akhala pamoto, ndipo omvera ankapereka chiweruzo chawo pomwepo, mwa kuvomera mwamphamvu, kululutira, kusupa woyimbayo kandalama, kapena kungonyamuka mmodzimmodzi. Oweruza nyimbo analipo kalekale. Chimene panalibe ndicho mwayi womva kayimbidwe kamodzi komweko kawiri.

Nyimbo zachikale za ku Ulaya, zopekedwa ndi akatswiri onga Handel, Mozart ndi Beethoven n'kulembedwa pamapepala kuti aziyimba magulu aakulu a zida, zinafika ku Zomba pamodzi ndi atsamunda, koma mbale zake za galamafoni zinatsalira m'nyumba za azungu m'mbali mwa phiri. Chimene chinatsikira kunyanja ndi kamangidwe kake, ndipo chinadzera pakhomo la tchalitchi ndi la asilikali. Mishoni ya Domasi, imene mpingo wa ku Scotland unatsegula mu 1884 pafupi ndi mtsinje wothira m'Chilwa, inaphunzitsa kuyimba m'magulu anayi a mawu pogwiritsa ntchito solofa, njira yolemba nyimbo ndi zilembo zoyimira mamvekedwe m'malo mwa zizindikiro za pamizere isanu. Njira imeneyi inali yotsika mtengo, yosafuna limba, ndipo ndiyo inachititsa kuti makwaya a m'dziko muno azitha kuyimba kolasi ya Aleluya ya mu Messiah, nyimbo ya Handel imene inayimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742, ngakhale oyimba ambiri asanamvepo mbale yake. Kumbali ina, bandi ya asilikali a Keyala ku Zomba inazolowetsa makutu ku malipenga amkuwa ndi ng'oma ya perete, ndipo gule wa beni, yemwe anayambira kugombe la Aswahili n'kufalikira pakati pa Ayao nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, anatenga mayendedwe ndi maudindo a usilikali n'kuwasandutsa masewera a pabwalo.

Makina enieni oyimba anabwera ndi amuna obwerera kuchokera ku Salisbury, Bulawayo ndi Johannesburg, ena opita okha, ena olembedwa ndi Wenela, bungwe lotengera anthu ku migodi ya golide, kapena ndi Mthandizi, lotengera anthu ku ntchito za ku Southern Rhodesia. Galamafoni inali m'gulu la katundu wosonyeza kuti munthu sanapite pachabe, pamodzi ndi njinga, jekete ndi makina osokera. Inali bokosi lopukusa ndi dzanja, losafuna magetsi, ndipo mbale zake zolemera ndi zosachedwa kusweka zinkazungulira maulendo 78 pa mphindi imodzi, mbali iliyonse n'kutha m'mphindi zitatu zokha. Singano yake yachitsulo inkayenera kusinthidwa kawirikawiri, ndipo ikasowa anthu ankainola pamwala, zimene zinkadya mizere ya mbale mpaka nyimbo n'kumamveka ngati ikuyimbidwa mkati mwa mvula. Mphamvu ya sipuling'i ikamatha nyimbo isanathe, liwu la woyimba linkatsika ndi kukoka, ndipo mwini wake ankathamangira kukapukusanso. Pambale zimenezi pankamveka magitala a ku Rhodesia, makwaya ndi mabandi a ku South Africa ojambulidwa ndi makampani onga Gallo, ndiponso mawu a Jimmie Rodgers wa ku America, amene kayimbidwe kake kanakondedwa m'maiko ambiri a mu Africa. Apa ndi pamene womvera anayamba kutha kubwereza nyimbo, kuloza malo enieni amene gitala yachedwa, ndi kutsutsana ndi mnzake pa chinthu chimene onse awiri angathe kuchimvanso. Mnyamata wofuna kuphunzira sankafunikanso kutsata mphunzitsi. Ankakhala pafupi ndi bokosi ndi banjo yake yopanga yekha ya chigubu ndi chikopa.

Nyimbo imene inasonyeza anthu a m'boma la Zomba kuti mbale ingathenso kusunga nkhani yawoyawo ndi ya Napolo, yodziwika ndi dzina la abale a Paseli. Mu December 1946 mvula yoopsa inagwa paphiri la Zomba, nthaka inagumuka, milatho inakokoloka ndipo anthu anafa, ndipo madzi amenewo, podzera mu Mulunguzi ndi Likangala, anakathera m'dambo la Chilwa. Anthu ankati wadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chimasamuka kupita kunyanja. Tsoka lotere likanayimbidwa ndi woyimba bangwe likanasintha mawu chaka ndi chaka mpaka kusungunuka m'nyimbo zina, koma litalowa m'mbale linakhazikika, ndipo oyimba a m'mibadwo yotsatira akhala akuyezedwa poyerekeza ndi kayimbidwe koyambako.

M'zaka zomwezo kunabwera mtundu wina wa kujambula, wa akatswiri ofufuza. Hugh Tracey anayenda m'Nyasaland ndi galimoto yonyamula makina mu 1950, 1957 ndi 1958, najambula nyimbo za Amang'anja, Achewa, Ayao, Atumbuka ndi Atonga, zambiri mwa izo za bangwe, malimba ndi makwaya a m'midzi. Mu 1954 iye anakhazikitsa nkhokwe ya International Library of African Music ku Roodepoort, imene inasamukira ku yunivesite ya Rhodes ku Grahamstown mu 1978, ndipo nyimbozo zinatuluka pa mndandanda wa mbale zoposa 200 wotchedwa Sound of Africa. Ubwino wa ntchitoyi sungakanidwe, pakuti Tracey ankagwira maikolofoni m'manja n'kumaisendeza kwa woyimba aliyense payekha, kotero kuti nsambo za bangwe zimamveka bwino mpaka lero. Komabe mbale zimenezi zinapita ku mayunivesite a kunja, ndipo anthu a m'midzi yojambulidwayo, amene analibe makina oyimbira mbale zamtundu watsopano, sanali m'gulu la omvera ake. Zotsatira zake n'zakuti ambiri mwa omvera nyimbo za bangwe zojambulidwa anali anthu osamva chinenero chake, amene ankayamikira kalukidwe ka nsambo koma osagwira mwambi kapena chipongwe chobisika m'mawu.

Chimene chinabweza nyimbo za m'midzi kwa eni ake ndi wayilesi. Nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka, imene inkatumikira Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, inkaulutsa m'Chinyanja, ndipo mu 1949 kampani ya Ever Ready inatulutsa wayilesi yotsika mtengo yooneka ngati sefuliya, yogulidwa mapaundi 5, batire yake mashiling'i 25. Alick Nkhata, amene anagwirapo ntchito ndi Tracey asanalowe ntchito youlutsa mawu, anatchuka kudzera pa wayilesi imeneyi, ndipo omvera ankalemba makalata opempha nyimbo ndi kupereka moni, mwambo umene unasandutsa kukonda nyimbo kukhala chinthu cholengezedwa poyera ndi dzina la munthu ndi mudzi wake. Bungwe loulutsa mawu la MBC litakhazikitsidwa mu 1964, antchito ake ankayenda m'maboma kujambula magule ndi oyimba paokha, n'kumaziulutsa pa pologalamu ya Nyimbo za m'Maboma, ndipo mawayilesi a Nzeru, opangidwa m'dziko momwemuno, anafika m'magolosale a ku Jali ndi ku Kachulu. Ankafikanso pa zimbowera, timisasa toyandama timene asodzi amamanga pa milulu ya mabango ndi njedza pakati pa dambo n'kukhalamo milungu ingapo. Kumeneko batire inali chuma chosamalidwa, yoyanikidwa padzuwa ikafooka, ndipo wayilesi inkatsegulidwa pa nthawi yosankhidwa. Omvera otere sankasowa chonena: uyu ali ndi mawu anthetemya, uyu wasasa mawu, apa ng'oma yaphimba oyimba, awa a boma lakutilakuti avina tchopa mothamanga kwambiri.

Nthawi ya kaseti inadutsa mofulumira koma inasintha zambiri, chifukwa aliyense wokhala ndi wayilesi ya makaseti ankatha kujambula kwaya ya mpingo wake kapena kukopera nyimbo za mnzake. Kugula makina otere, monganso magumbagumba oyimbira pa zisangalalo zolipiritsa, kunkatsata ndalama za nsomba, ndipo nyanja itaphwa mu 1968 ndi mu 1995 malonda a padoko anazilala limodzi ndi madzi.

Lero nyimbo zimene anthu a m'derali amazitcha zamakedzana, n'kumazimvetsera mwaulemu wonga umene ena amapereka kwa Mozart, ndi za m'badwo wa galamafoni ndi wayilesi: za Daniel ndi Donald Kachamba, amene Gerhard Kubik wa ku Vienna anayamba kuwajambula mu 1967, za Allan Namoko wa ku Thyolo ndi banjo yake, ndi za abale a Paseli. Koleji ya Chancellor, imene inasamukira ku Zomba mu 1973, inaphunzitsa ophunzira kuwerenga nyimbo za ku Ulaya ndi kufufuza za m'midzi m'nthambi imodzi, ndipo nkhokwe ya Tracey inasamutsira nyimbo zake pa kompyuta n'kuyamba kubweza zina kumadera kumene zinajambulidwa. Koma njira yaikulu imene nyimbo zakale zimafikira kunyanja ndi timakadi ta m'foni todzazidwa ndi anyamata obena nyimbo m'misika, ndipo pa timakadi timeneti nyimbo zambiri zimabwera zopanda dzina la woyimba, chaka chojambulira kapena mudzi, kotero kuti mkangano wa omvera, umene kale unali wa kayimbidwe, nthawi zambiri umayamba ndi kufunsana kuti woyimbayo ndani.