Wakutsina Khutu ndi Mnansi: Mbiri ya Oyesa Mapulogalamu ndi Mabuku a Kompyuta

Madzulo a pa 5 Malichi 1975, anthu 32 adasonkhana m'galaja ya bambo wina dzina lake Gordon French, m'tauni ya Menlo Park ku California, m'dziko la America. Chimene chidawasonkhanitsa chidali kabokosi kachitsulo kokhala ndi timagetsi tofiira kumaso kwake. Kabokosiko kadali kompyuta yotchedwa Altair 8800, imene inkagulitsidwa ili zidutswazidutswa, pa mtengo wosakwana madola 500, kuti wogula akalumikize yekha kunyumba. Kampani ya MITS ya ku Albuquerque, imene inkapanga makinawo, idatumiza imodzi kwa kagulu kofalitsa nkhani kotchedwa People's Computer Company kuti akayiyese ndi kulembapo maganizo awo. Usiku umenewo ndiwo udabadwitsa kalabu ya Homebrew Computer Club.

Kalabu imeneyi imakumbukika kwambiri chifukwa cha Steve Wozniak, amene adalipo pamsonkhanowo ndipo pambuyo pake adapanga kompyuta yoyamba ya Apple. Komatu chimene chimaiŵalika n'chakuti anthuwo adakumana atazinga katundu wotumizidwa kuti ayesedwe. Tsono nkhani ya lero ikunena za ntchito imeneyo, ya amuna ndi akazi a m'makalabu a ogwiritsa ntchito makompyuta, amene kwa zaka zambiri ankayesa mapulogalamu ndi kuŵerenga mabuku popanda malipiro, n'cholinga chouza anzawo ngati chinthucho chidali choyenera kutayirapo ndalama.

Poyamba omvera adziŵe kuti pulogalamu ya kompyuta si yofanana ndi pulogalamu ya pa wailesi. Imeneyi ndi mndandanda wa malangizo olembedwa ndi munthu, ouza makina chochita: kuŵerengera malipiro a antchito, kusunga maina, kapena kulemba kalata. Vuto lake lagona pakuti siioneka ndi maso. Wogula nsalu pamsika amaitambasula naiyang'ana padzuŵa, wogula nsomba amainunkhiza. Koma wogula pulogalamu ankangolandira bokosi lomata bwino, ndipo cholakwika chake ankachizindikira patapita masabata, mwina ataika kale m'makinamo maakaunti a chaka chonse. Masitolo ambiri sankalandiranso bokosi lotsegulidwa. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Padafunika wina woyamba kuung'amba mkuyuwo.

Mwambo umenewu sudayambire m'galaja ija. Zaka 20 m'mbuyo mwake, m'chaka cha 1955, makompyuta adali makina odzaza chipinda, ndipo okhala nawo adali maboma, masukulu aukachenjede ndi makampani aakulu okha. M'chaka chimenecho akatswiri a m'makampani opanga ndege ndi a m'mabungwe ofufuza, amene ankayembekezera kompyuta yatsopano ya IBM 704, adakumana m'dera la Los Angeles nakhazikitsa bungwe lotchedwa SHARE. Adaona kuti aliyense ankataya miyezi kulemba malangizo amene mnzake adalemba kale. Motero adagwirizana zosonkhanitsa mapulogalamu awo pamalo amodzi ndi kumagaŵana. Koma pulogalamu yogaŵana ikakhala ndi cholakwika, cholakwikacho chimagaŵidwanso. N'chifukwa chake woilandira ankaiyesa pa makina ake, ndipo akapeza polakwika ankadziŵitsa anzake. M'chaka cha 1961 ogwiritsa ntchito makina a kampani ya Digital Equipment Corporation adayambitsa bungwe lawo lotere, lotchedwa DECUS.

Chaka cha 1960 chidabweretsa dongosolo pa ntchitoyi. Bungwe la akatswiri a makompyuta la ACM lidayamba kusindikiza m'magazini yake njira zoŵerengera masamu zimene mamembala ankatumiza, iliyonse ndi nambala yake. Oŵerenga ankaziyesa pa makina awo, kenaka n'kulemba umboni wakuti njira yakutiyakuti yayenda bwino, kapena kuti yalephera pa mzere wakutiwakuti. Umboniwo unkasindikizidwa pamodzi ndi dzina la woyesayo. M'chaka chomwecho bungweli lidayambitsanso magazini ya Computing Reviews, m'mene akatswiri odzipereka ankalemba maganizo awo pa mabuku ndi nkhani zatsopano. Pamenepo padakhazikika mfundo ziŵiri zimene makalabu adadzatsata pambuyo pake: woyesa anene zimene waona yekha, ndipo aike dzina lake pansi.

Makompyuta atayamba kuloŵa m'nyumba za anthu wamba kuyambira 1975, ndalama zotayika zidaleka kukhala za kampani n'kukhala za m'thumba mwa munthu. Chitsanzo chidaoneka msanga. Timatabwa tosungira zinthu m'kompyuta timene MITS idayamba kugulitsa kwa eni Altair tidali tovutavuta, ndipo tambiri sitinkagwira bwino ntchito. Mbiri yake idawanda m'misonkhano ya makalabu, kotero kuti Bob Marsh, mmodzi wa a Homebrew, adayambitsa ndi mnzake kampani ya Processor Technology, imene idapanga timatabwa todalirika. Amalonda adaphunzirapo kuti mawu onenedwa m'kalabu amayenda mtunda wautali. Ubale wawo ndi makalabu sudali wosalala nthaŵi zonse. Kumayambiriro kwa 1976, Bill Gates, ali ndi zaka 20, adalemba kalata imene idasindikizidwa m'kanyuzipepala ka Homebrew, yodandaula kuti ambiri ankangokopa pulogalamu ya kampani yake ya BASIC osalipira. Opanga mapulogalamu ankawaopa makalabu, komanso ankawafuna.

Kukula kwa mphamvu imeneyi kudaonekera bwino ku Boston. M'chaka cha 1977 mnyamata wa zaka 13, Jonathan Rotenberg, adayambitsa bungwe la Boston Computer Society. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 lidali ndi mamembala oposa 30,000, timagulu tambirimbiri ndi magazini akeake. Pa 30 Januwale 1984, patangopita masiku asanu ndi limodzi kompyuta ya Macintosh itaonetsedwa koyamba ku California, Steve Jobs adapita nayo yekha ku msonkhano wa bungweli. Adadziŵa kuti membala mmodzi wa kalabu ndiye amene achibale, anansi ndi anzake a kuntchito ankamufunsa asanagule makina.

Nanga ntchito yoyesayo inkayenda bwanji? M'makalabu ambiri dongosolo lake lidali lofanana. Kampani kapena wosindikiza mabuku ankatumiza katundu wake kwaulere. Membala mmodzi, wosankhidwa kuyang'anira ntchitoyi, ankalengeza pamsonkhano wa mwezi ndi mwezi zimene zafika, ndipo wofuna ankalembetsa dzina lake natenga. Ankapatsidwa nthaŵi yoti abweze malemba ake kwa mkonzi wa kanyuzipepala ka kalabu. Akasindikiza, kope limodzi linkatumizidwa ku kampani ija monga umboni, ndipo kaŵirikaŵiri woyesayo ankasunga pulogalamuyo kapena bukulo. Amenewo ndiwo adali malipiro ake onse. Makalabu ankasinthananso tinyuzipepala tawo, motero zolemba za mphunzitsi wopuma pantchito wa m'tauni yaing'ono zinkatha kusindikizidwanso m'mizinda yakutali.

Malemba abwino ankayankha mafunso a munthu wamba. Kodi pulogalamuyi ikuyenda pa makina akale amene ambiri ali nawo? Kodi ikugwirizana ndi makina osindikizira? Kodi kabuku ka malangizo n'komveka kwa munthu wongoyamba? Nanga zikavuta, a kampani amayankha lamya? Magazini aakulu amalonda adali ndi alembi olipidwa ndi makina atsopano, komanso ankadalira ndalama za makampani otsatsa malonda m'masamba awo. Woyesa wa m'kalabu adalibe zonsezo. Chimene adali nacho n'chakuti mwezi wotsatira ankadzakhala m'chipinda chimodzi ndi anthu amene adagula chinthu chifukwa cha mawu ake.

Komatu chiyeso chidalipo, ndipo chidagona pa mphatso ija. Dzanja lolandira limavutika kuloza chala. Wina ankaopa kuti akanena zoipa, kampani idzaleka kutumiza katundu ndipo anzake adzamuda. Wina ankangolembanso mawu otamanda a pabokosi osayesa kanthu. Padalinso otenga katundu n'kukhala chete osalemba, zimene zinkachititsa manyazi kalabu yonse. Makalabu okhwima adaika malamulo: wolephera kulemba abweze katundu, pulogalamu yopatsidwa kuti iyesedwe isakopedwe, ndipo wolemba atchule zabwino ndi zofooka zomwe. Si onse adapambana chiyesochi. Koma kalabu imene inkangotamanda chilichonse inkapeza kuti mamembala ake aleka kukhulupirira tsambalo, ndipo tsamba losakhulupirika lidalibe phindu ngakhale kwa kampani yomwe.

M'chaka cha 1982 padabwera njira yatsopano imene idaika makalabu pakatikati pa malonda. Andrew Fluegelman, amene adalemba pulogalamu yotchedwa PC-Talk, adalola aliyense kuikopa ndi kuigaŵa, napempha kuti woikonda atumize madola 25. M'chaka chomwecho Jim Knopf adachita chimodzimodzi ndi PC-File, ndipo mu 1983 Bob Wallace adatsatira ndi PC-Write. Mapulogalamu otere adachuluka mazanamazana, abwino ndi achabechabe osakanikirana, ndipo ankafalikira pa madisiki kudzera m'makalabu. Apa padatuluka wantchito wina wosatchuka, wosunga nkhokwe ya madisiki ya kalabu, amene ankatha mausiku akuyesa disiki iliyonse, kuisanja ndi kulemba mwachidule zimene ikuchita. Nelson Ford wa ku Houston adakulitsa ntchito yotere mpaka idasanduka bungwe lotchedwa Public Software Library. Kuyambira 1986, pamene vairasi yotchedwa Brain idayamba kuyenda pa madisiki, udindo wa wosunga nkhokweyo udalemera, pakuti disiki imodzi yodwala ikadatha kudwalitsa makina a kalabu yonse.

Mabuku nawo adafunika woyamba kuwalaŵa. Makompyuta atafala, osindikiza adathamangitsana kutulutsa mabuku onenepa ndi okwera mtengo, ena olembedwa mothamanga, okhala ndi zitsanzo zosayenda. Kuipa kwa buku lolakwika n'kwakuti wophunzira sadziŵa kuti lalakwa, amadziimba yekha mlandu wa umbuli, kapena amanyamula cholakwikacho kupita nacho kuntchito. Ku Britain, bungwe limene lidayamba mu 1987 ngati kalabu ya olemba mapulogalamu m'chinenero cha kompyuta chotchedwa C, ndipo tsopano limadziŵika kuti ACCU, lidatchuka ndi ntchito imeneyi. M'magazini yake ya C Vu mamembala ankaunika mabuku, ndipo sankachita mantha kunena kuti buku lakutilakuti lisagulidwe, ngakhale litagulidwa kale kwambiri m'masitolo. Chiweruzo chotero ndicho chinkapatsa kulemera mawu awo akatamanda buku lina.

Nyengo ya makalabu aakulu idatha mofulumira. Homebrew idatseka mu 1986. Intaneti itafala m'zaka za m'ma 1990, munthu sadafunikenso kudikira msonkhano wa mwezi kuti amve za pulogalamu yatsopano, ngakhale kuyenda ulendo kukakopa disiki. Mamembala adachepa, ndipo Boston Computer Society, ndi kukula kwake konse kuja, idatseka mu 1996. Makalabu ang'onoang'ono adatsalapo, ena alipo mpaka lero, koma tsamba la oyesa lidasamukira m'masitolo a pa intaneti. Amazon, imene idayamba kugulitsa mabuku mu 1995, idalola ogula kulemba maganizo awo pansi pa buku lililonse, ndipo posakhalitsa malonda a mtundu uliwonse adatengera.

Poyang'ana pamwamba, zidaoneka ngati mwambo wa makalabu wapambana, pakuti aliyense adasanduka woyesa. Koma chimene chidatayika ndi nkhope. Wolemba wosadziŵika sadzakumana ndi amene wamusocheretsa, ndipo padabuka malonda a maumboni ogulidwa ndi onama. Vuto lakale la mphatso lidabweranso litakula. Mu 2009 bungwe la boma la America loyang'anira malonda, Federal Trade Commission, lidakonzanso malangizo ake kuti wotamanda katundu amene adamulandira kwaulere aziulula zimenezo, ndipo mu 2024 lidakhazikitsa lamulo loletsa maumboni abodza ndi kugula maumboni. Zimene kalabu inkasunga ndi manyazi a pamaso pa anzako, tsopano zidafuna lamulo ndi chindapusa.

Mbiri imeneyi ili ndi phunziro kwa womvera aliyense amene amagula lamya ya m'manja, kuika pulogalamu m'menemo, kapena kusankhira mwana buku la sukulu. Asanakhulupirire mawu otamanda, afunse mafunso amene makalabu aja ankafunsa: wanena zimenezi ndani, kodi adachigwiritsa ntchito yekha, adachipeza bwanji, ndipo watchulapo chofooka chilichonse? Anthu a m'makalabu aja sadali anzeru kuposa akatswiri olipidwa, ndipo nthaŵi zina ankalakwitsa. Mtengo wa mawu awo udachokera pakuti ankayankha kwa anansi amene ankawadziŵa maina ndi nkhope, ndiponso pakuti ankalimba mtima kunena kuti chinthu chimene adapatsidwa kwaulere sichidali choyenera kugulidwa. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mnansi wotere ndiye adasunga ndalama za anthu ambiri pa nthaŵi imene makina atsopanowa adali achilendo kwa aliyense.