M'MENE ANAVAJO ANAMANGIRA KOLEJI YAO

(Nkhani youlutsidwa pa wailesi kwa mafumu, nyakwawa ndi alimi)

 Lero tikambirana za mtundu wina wa ku United States wochedwa Navajo, ndi m'mene unamangira sukulu yaceyace ya maphunziro apamwamba. Anthu amenewa ali pakati pa eni dziko amene Azungu anawapeza ku America, ndipo iwo eni amadzicha Diné, ndiko kunena "Anthu". Dziko lao liri m'zigawo za Arizona, New Mexico ndi Utah. Ndi dziko louma ndi lamiyala, ndipo kuyambira kale iwo akhala akuweta nkhosa ndi kulima cimanga monga inu nomwe.

Kuti mumvetse cifukwa cace anafuna koleji yao, tiyambe ndi mabvuto amene anaona. M'caka ca 1864 asilikari a Boma la America anatentha minda yao ndi kupha ziweto zao, nayendetsa anthu zikwi zambiri ulendo wa pansi wa mamailosi 300 kapena kuposa, kunka ku malo ochedwa Bosque Redondo. Ambiri anafera m'njira, ena anafa ndi njala ndi matenda atafika. M'caka ca 1868 Boma linapangana nao cipangano, nilola kuti abwerere kwao. M'cipanganomo Boma linalonjeza kupereka nyumba ya sukulu ndi mphunzitsi mmodzi kwa ana 30 ali onse.

Lonjezo limeneli silinasungidwe bwino. Sukulu zambiri zimene Boma linatsegula zinali zogonera komweko, kutali ndi makolo. Mwana akafikako anali kummeta tsitsi, kumpatsa dzina lacilendo, ndi kumlanga akalankhula cinenero ca amai ace. Tangoganizani, inu makolo: mwatumiza mwana ku sukulu, ndipo pobwerako sathanso kuceza ndi agogo ace. Nkosadabwitsa kuti makolo ena anabisa ana ao ku mapiri kumene anali kudyetsa nkhosa.

Maganizo anayamba kusintha itatha Nkhondo Yaikuru Yaciwiri m'caka ca 1945. Anyamata a Cinavajo amene anapita ku nkhondo anabwerako ataona kuti munthu wosaphunzira amatsala m'mbuyo. M'zaka za m'ma 1950 Bwalo Lalikuru la mtunduwo linapatula ndalama zocokera ku mafuta a pansi pa nthaka yao, kuti zilipirire ana ku makoleji a Azungu. Koma ambiri a anawo anabwerera asanatsirize. Sikuti analibe nzeru ai. Anali kutali ndi kwao, pakati pa anthu a miyambo yina, popanda wowalimbitsa mtima. Akuluakulu anaona kuti ndalama zikupita koma zipatso zikucepa, ndipo anatsimikiza kuti koleji ndiyo ibwere kwa ana.

Anayamba ndi cinthu cacing'ono. M'caka ca 1966 ku Rough Rock kunatsegulidwa sukulu ya ana yoyendetsedwa ndi komiti ya makolo a pomwepo. Panali okayika kuti oweta nkhosa sangathe kulamulira sukulu, koma nchitoyo inayenda. Pamenepo m'caka ca 1968, patapita zaka 100 cipanganireni cipangano cija, Bwalo Lalikuru motsogozedwa ndi Bambo Raymond Nakai linakhazikitsa Navajo Community College. Iyi inali koleji yoyamba m'dziko la America kumangidwa ndi kulamulidwa ndi mtundu wa eni dziko. Maphunziro anayamba mu January 1969 ku Many Farms, m'nyumba zobwereka za sukulu ya Boma, ndi ophunzira ngati 300.

Tsopano mverani za kayendetsedwe kace, pakuti apa ndipo pagona nkhani. Bwalo Lalikuru silinafune kuyendetsa koleji lokha tsiku ndi tsiku. Linaika bungwe la oyang'anira, anthu a mtundu womwewo, ndipo wapampando wace anali Bambo Guy Gorman. Bungweli ndilo linapatsidwa mphamvu yolemba nchito mkulu wa koleji, yobvomereza kagwiritsidwe ka ndalama, ndi yonena zoyenera kuphunzitsidwa. Ophunzira nao anapatsidwa mpando m'bungwemo, kuti mau ao amveke. Mkulu woyamba anali Mzungu, Dr. Robert Roessel, amene anagwira nchito ku Rough Rock. Iye anatula udindo m'caka ca 1969, ndipo analowa m'malo mwace Bambo Ned Hatathli, Mnavajo weniweni, amene anatsogolera kufikira imfa yace m'caka ca 1972.

Popeza eni ace ndiwo anali kulamula, anasankha kuti pamodzi ndi masamu, Cingelezi, ulimi ndi nchito za manja, paphunzitsidwenso cinenero ca Cinavajo, mbiri ya mtundu ndi miyambo yace. Nkhalamba zodziwa za makolo zinaitanidwa kudzaphunzitsa, ngakhale zinalibe masetifiketi. Khomo linatsegulidwanso kwa acikulire amene sanatsirize sukulu ali ana.

Panatsala nkhani ya malo ndi ndalama. Malo okwana maekala 1,200 anapezeka ku Tsaile, cifukwa anthu amene anali kudyetsa ziweto pamenepo analola kuwapereka. Inu nyakwawa mudziwa kulemera kwa cinthu cotere: munthu wopereka busa wapereka cuma ca ana ace. Mu April 1971 malowo anadalitsidwa mwa mwambo wao, ndipo nthaka yoyamba inakumbidwa ndi ndodo yobzalira cimanga. Kumapeto kwa caka comweco Nyumba ya Malamulo ya America inapanga lamulo lakuti Boma lizithandiza kolejiyo ndi ndalama. Ophunzira analowa ku Tsaile m'caka ca 1973. Nyumba zace zinamangidwa mozungulira, khomo lalikuru kuyang'ana kum'mawa, monga imakhalira nyumba ya makolo ao yochedwa hogan.

Musaganize kuti zonse zinayenda myaa. Koleji yotere iri ndi ambuye atatu oyenera kuwakondweretsa: mtundu umene unaibala, Boma limene limapereka gawo lalikuru la ndalama, ndi bungwe la kunja loyesa ngati maphunziro ace ali olingana ndi a makoleji ena. Ndalama za Boma nthawi zambiri zinapelewera, ndipo akulu a koleji anasinthidwa kawirikawiri. Bungwe loyesa maphunziro limafuna kuti oyang'anira akhale omasuka, osagwedezeka ndi ndale. Ngakhale zinali conco, m'caka ca 1976 kolejiyo inabvomerezedwa kuti maphunziro ace ndi okwanira, ndipo wophunzira wace anatha kukapitiriza kwina osayambanso pansi.

Mitundu yina itaona, inatsanzira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 makoleji 6 a mitundu anapanga bungwe limodzi lowalankhulira ku Washington, ndipo m'caka ca 1978 panaturuka lamulo lothandiza makoleji onse otere. M'caka ca 1994 anapatsidwanso udindo wofufuza ndi kulangiza za ulimi ndi ziweto m'madera ao. Ciwerengero cao cinakula kuposa 30. M'caka ca 1997 koleji ya ku Tsaile inasintha dzina kukhala Diné College, kuti icedwe ndi dzina limene eni ace amadzicha nalo.

Mafumu ndi alimi, amene anayamba nchito imeneyi sanali anthu olemera kapena ophunzira kwambiri. Anapereka malo, anasankha oyang'anira okhulupirika, nawasiya agwire nchito yao, koma sanaleke kufunsa cimene ana ao akuphunzira. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Pamene komiti ya sukulu ya m'mudzi mwanu iitana msonkhano, musatumize ana okha. Pitani inu eni, mukamve za ndalama ndi za maphunziro, ndipo mukalankhulepo. Tsalani bwino nonse.