Umboni wa Nchito ya Kalaliki

Pamene njanji ya ku Salima inatsegulidwa m'chaka cha 1935, makolo athu a ku Balaka anaona akalaliki alikulemba m'mabuku ndarama za katundu ndi za thonje. Ena anakalamba pa nchitoyo, koma umboni wa luso lao unali kalata ya bwana basi. Ikatayika kalatayo, zaka zao zinatayika nayo pamodzi.

Lero bungwe la owerengera ndarama la ACCA silivomereza munthu chifukwa cha mayeso okha. Lifunanso miyezi 36 ya nchito, ndipo wowerengera wovomerezeka aichitire umboni. Tsono tikuuzani, ana athu a ku Liwonde ndi ku Ntaja: lembani nchito zanu zonse, nimufune mboni nthawi ikalipo.