Aphunzitsi a Masewera ndi Nkhanza Pakati pa Ana a Sukulu

Nkhanza pakati pa ana a sukulu ndi mcitidwe wozunza mwana wocepa mphamvu mwadala ndiponso mobwerezabwereza, pomumenya, kumunyoza kapena kumusala. Lipoti la bungwe la UNESCO la mu 2019 linaonetsa kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse padziko lonse amazunzidwa ndi anzake kusukulu.

Pabwalo la masewera nkhanzazi zimabisala mosavuta, popeza kukankhana ndi kuchera mwendo zimaoneka ngati kulimbirana mpira cabe. N'cifukwa cake ophunzira nchito ya uphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi afunika kuphunzitsidwa kuzindikira mwana wovutika, monga amene anzake amamusankha pomalizira nthawi zonse, kapena wonamizira kudwala tsiku la masewera likafika.

Mphunzitsi wophunzitsidwa bwino amagawa yekha magulu, amaletsa maina acipongwe nthawi yomweyo, amamva wozunza ndi wozunzidwa payekhapayekha, nadziwitsa akuluakulu a sukulu ndi makolo.

Iye saloledwa kulanga wolakwayo ndi cikwapu, popeza m'Zambia lamulo la maphunziro la mu 2011 limaletsa kukwapula ana kusukulu. Mwana wozunzidwa angathe kutuma lamya mwaulere pa nambala ya 116 kuti athandizidwe.