Nambala yosagawika ya madijiti 41 miliyoni

Wogulitsa nsomba padoko la Msaka m'boma la Mangochi akakhala ndi chambo 12, angathe kuika milu iwiri, itatu, inayi kapena isanu ndi umodzi yofanana. Koma chambo chikakhala 13, mulimonse momwe angagawire, china chimatsala. Nambala zonga 13, zomwe zimagawika ndi 1 komanso ndi izo zokha basi, ndi zomwe pa Chingerezi amati prime number. Zoyambirira ndi 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13.

Zaka pafupifupi 2,300 zapitazo, katswiri wa masamu wa Chigiriki, Euclid, adatsimikiza kuti nambalazi zilibe malire. Chovuta ndi kuzipeza, chifukwa zimanka zitalikirana.

Mu October 2024, Luke Durant wa ku America, kudzera m'ntchito yofufuza pa makompyuta ya GIMPS, adapeza yaikulu kuposa zonse zodziwika panthawiyo. Kapezedwe kake nkotere: lembani 2 kokwana 136,279,841, muwachulukitse onse, kenako muchotsepo 1. Yankho lili ndi madijiti 41,024,320 ndipo limathera ndi 1.

Munthu wotchula dijiti imodzi pa sekondi, usana ndi usiku, angatenge masiku oposa 470 kuti aimalize. Itati ilembedwe madijiti awiri pa sentimita, mzere wake ungatalike makilomita 205, pafupifupi mtunda wochokera pa Boma la Mangochi kukafika ku Blantyre.

Nambalayi ndi ya 52 kupezeka m'gulu lotchedwa Mersenne, potengera dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France yemwe adamwalira mu 1648. Zing'onozing'ono za m'gululi ndi 3, 7, 31 ndi 127. Lamulo lake nlakuti chiwerengero cha ma 2 ochulukitsidwawo chikhalenso chosagawika, ngakhale izi pazokha sizikwanira. Mwachitsanzo, ma 2 okwana 11 amapereka 2,047, yomwe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89. Nchifukwa chake iliyonse imayesedwa payokha ndi njira ya Lucas-Lehmer.

Nanga phindu lake nchiyani kwa munthu wamba? Kuchulukitsa nambala ziwiri zosagawika nkosavuta, koma kupatsidwa yankho lokha kuti upeze ziwirizo ndi chintchito. Yesani 10,403: zikutengerani nthawi kuzindikira kuti ndi 101 kuchulukitsa ndi 103. Nambalazo zikakhala za madijiti mazanamazana, ngakhale makompyuta amphamvu amalephera.

Pamfundo imeneyi ndi pomwe padamangidwa njira ya chitetezo ya RSA, yomwe Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman adatulukira mu 1977. Njirayi imateteza makhadi a kubanki okhala ndi chip komanso masamba ambiri a pa intaneti. Ya Durant njaikulu kwambiri moti siigwira ntchitoyi, koma wamalonda wa usipa akalowetsa khadi m'makina a ATM ku Mangochi, zinzake zocheperako ndi zina mwa zomwe zimatchinjiriza ndalama zake kwa akuba.