Mswachi wa Makolo ndi Kudza kwa Shuga

M'masiku a makolo athu, pamene zotsekemera zinali uchi, misale ndi nzimbe za kudimba, zimene munthu ankazilawa pa nyengo yake yokha, akulu ankathyola kamtengo, natafuna nsonga yake kufikira itafewa, natsukira mano pamodzi ndi phulusa kapena makala osinja. Koma fakitale ya ku Nchalo itayamba kupanga shuga m'chaka cha 1966, tiyi wotsekemera anafala m'midzi, ndipo tizilombo ta m'kamwa, timene timasandutsa shuga kukhala asidi wodya dzino, tinapeza phwando; chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zoonadi ena amabadwa ndi mano ofooka mwa chibadwa cha kumtundu. Komabe iye wosatsuka m'kamwa asanamizire makolo ake. Tsukani mano kawiri patsiku, abale.