Makina ocepetsa ululu pambuyo pa opaleshoni ya khansa

Munthu akacitidwa opaleshoni yaikulu ya khansa, monga ya m'matumbo kapena ya cibelekero, bala limapweteka kwambiri masiku oyamba. M'zipatala zina zazikulu muli makina ochedwa PCA. Ndi makina amenewa wodwala amadzipatsa yekha mankhwala a ululu, osadikira jakisoni wa namwino.

Mmene amagwirira nchito

Makinawa amalumikizidwa ku diripi. Mkati mwake mumakhala mankhwala amphamvu, kawirikawiri morphine. Wodwala amapatsidwa batani m'dzanja. Ululu ukayamba, amadina batanilo ndipo mankhwala pang'ono amalowa mumtsempha. Kwa munthu wamkulu nthawi zambiri amakhala miligalamu 1. Kenako makina amadzitseka kwa mphindi 5 mpaka 10. Pa nthawi imeneyi, olo mudine kangati, palibe comwe cituluke. Amene amakonza muyezo wake ndi dokotala.

Musapirire ululu

Ena amati kupirira ndiye kulimba mtima. Koma munthu amene akumva ululu amaopa kupuma mokoka mpweya, kutsokomola ndi kuyenda. Zikatero makhololo amatsalira m'mapapo n'kuyambitsa cibayo, ndipo magazi angathe kuundana m'miyendo. Conco dinani ululu ukangoyamba. Dinaninso patatsala mphindi zocepa kuti mudzuke pabedi. Namwino akafunsa kuti, “Kuyambira 0 mpaka 10, ukupweteka bwanji?” nenani zoona. 0 ndiye kuti palibe ululu, 10 ndiye wosapiririka.

Lamulo lalikulu: batani n'la wodwala yekha

Apa mpofunika kumvetsetsa, makamaka inu amene mumagonera odwala kucipatala. Morphine akaculuka m'thupi, munthu amayamba wagona tulo, kenako kupuma kumacepa. Wodwala akagona, dzanja limaleka kudina, ndiye mankhwala sawonjezekanso. Citetezo cake cagona pamenepo. Tsono m'bale akawona mayi ake akubuula m'tulo n'kuwadinira mwacifundo, wacotsa citetezo cija, ndipo mayiwo angathe kusiya kupuma. Mukawona kuti akuvutika, itanani namwino. Batani lisiyeni.

Zoyenera kuyang'anira

Nseru, kuyabwa thupi ndi kudzimbidwa zimacitika, ndipo mankhwala ake alipo. Koma thamangirani namwino msanga ngati wodwala sakudzuka mukamamuitana, akupuma pang'onopang'ono kwambiri, kapena milomo yasintha mtundu. Pali mankhwala ochedwa naloxone amene amabweza mphamvu ya morphine.

Kodi munthu sazolowera?

Ambiri amaopa zimenezi. Makinawa amagwiritsidwa nchito masiku ocepa cabe, nthawi zambiri awiri kapena atatu, ndipo pa masiku otere si kawirikawiri munthu kufika poti sangakhale popanda mankhwalawo. Wodwala akayamba kudya ndi kumwa, makina amacotsedwa ndipo amapitiriza ndi mapiritsi.

Ngati cipatala canu cilibe makinawa, mankhwala omwewo amaperekedwa pa jakisoni kapena akumwa. Opaleshoni isanacitike, funsani dokotala kuti ululu adzaucepetsa bwanji.